Mapiko Okhaokha kwa Alendo a ku Champiti

Ana anga, mwandifunsa kangapo chifukwa chake amalume anu a Ngozo satha kuona phiko la nkhuku m'mbale osayamba kuseka mpaka kutsamwa. Ndakhala ndikukuyankhani mozemba, koma poti maso ayamba kuchita chidima, ndi bwino ndilembe ndekha, angadzakuuzeni iwowo n'kuthiramo mchere wawo. Nkhani yake ndi ya tsiku limene ukwati wa mchemwali wanu Tadala unatsala pang'ono kuthera m'mbale, ndipo wophika ndinali ine. Kuti mumvetse chimene chinandiumitsa mutu tsiku limenelo, ndiyenera kuyambira ku ntchito, pakuti munthu amene wakalambira m'khitchini alibe nzeru ina koma ya m'khitchini momwemo.

Ku Sharpevale, zaka zoyamba pa ntchito

Ntchito yoyamba ndinaipeza m'khitchini ya sukulu ina yogonera komweko, kufupi ndi Sharpevale. Ndinatsika kuchokera kwathu kumtunda nditavala juzi yaubweya, ndipo anthu a kuchigwa anandiseka mpaka kutopa, chifukwa kumeneko ngakhale mthunzi umatentha. Dzina la ntchito linali wothandiza kuphika, koma chaka choyamba mphika ndinkangoukhudza potsuka. Ndinkawaza nkhuni, kutunga madzi, ndi kusankha nyemba zimene anankafumbwe anali atadyako kale gawo lawo. Nkhuni zikasowa tinkaphikira zitsononkho, ndipo utsi wake ndi umene unayamba kundiwonongera maso.

Bwana wanga anali Mayi Kalinde, mzimayi wamfupi wa mawu aakulu, amene ankanunkhiza chilichonse cholowa m'khitchini, ngakhale ife antchito. Chaka china ndiwo zinasowa kwambiri, ana anadya nyemba mpaka kuzipekera nyimbo zachipongwe. Ndiye m'mawa wina kunabwera bambo wina pa ngolo, atanyamula nyama ya ng'ombe yambirimbiri pa mtengo wongotaya. Tonsefe malovu anadzaza m'kamwa. Mayi Kalinde anaitembenuza nyamayo, kuyang'ana mtundu wake wakudawo, kenako anafunsa, "Ng'ombe imeneyi munaipha, kapena munaipeza itagona kale?" Bamboyo anayamba kukanda m'mutu ndi kukamba za njoka. Mayiwo anangoti, "Bwererani nayo." Ine, pokhala wachinyamata komanso wanjala, ndinanong'ona kuti moto umapha zonse, tikaiwiritsa nthawi yaitali palibe amene angadziwe. Ananditembenukira ndi maso ofiira.

"Iwe Mbewe, wodya sadziwa, n'chifukwa chake amatikhulupirira. Wodziwa ndi wophika. Ukadziwa n'kupakulabe, ndiwe mfiti."

Tsiku limenelo ana anadyanso nyemba ndipo anatitukwana mokwanira. Mayi Kalinde sindinkawakonda masiku amenewo, sindikunama, ankandikalipira ngati ndinawabera mbuzi. Koma mawu awo anandilowa, ndipo zaka zonse zimene ndagwira mthiko sindinaikepo pamaso pa munthu nyama ya chiweto chodwala.

Ku Manjawira, zaka zapakati

Nditakwatira amayi anu, Nangozo, ndinafuna ntchito yapafupi ndi kwawo, ndipo ndinaipeza pa lesitilanti ya Che Amidu, m'mbali mwa msewu waukulu pa Manjawira. Che Amidu anali Msilamu wamtali wosachedwa kupsa mtima, komanso wosachedwa kuiwala kuti wapsa mtima. Nkhuku zonse ankachinja okha m'mawa, mpeni wa munthu wina sankaulola. Lachisanu masana ankatseka kupita ku mzikiti kukaswali, ngakhale basi itaima pakhomo anthu ali ndi njala. Ndinakhala nawo zaka zambiri kuposa zimene ndinakhala ndi bambo anga ondibereka.

Makasitomala athu anali a m'mabasi ndi madalaivala a mathiraki. Vuto linali lakuti Mulungu anaipatsa nkhuku ntchafu ziwiri zokha, pamene aliyense wotsika basi ankafuna ntchafu. Inu ana a masiku ano mumagula mapiko m'tauni n'kumawajambula pa foni, ndiye mwina simudziwa kuti ife tinakula nkhuku ili ndi malamulo ake. Nthutumba ndi ntchafu zinali za bambo, msana wa amayi, ndipo mapiko, khosi ndi zipalapasiro zinali za ana. Mlendo wolemekezeka unkamuphera nkhuku yachikuda ya m'khola mwako, n'kumupatsa yonse m'mbale yovundikira, nthutumba ili pamwamba, kuti aone kuti palibe amene wayamba kulawa iye asanadye. Kumupatsa munthu wamkulu phiko kunali kumuuza kuti ndi mwana. Tsiku lina mkulu wina anandikankhira mbale mpaka msuzi unandithira pa epuloni. "Kodi ndevuzi simukuziona? Phikoli mukampatse mwana wanu!"

Motero mapiko ankatsala tsiku ndi tsiku, ndipo Che Amidu, amene sankafuna kuona ngakhale njere ya mpunga pansi, ankangoti kakasi pa mphika uja. Amene anatipulumutsa anali akazi awo, Abiti Saidi, mayi wodziwa zokometsera kuyambira ali mtsikana. Tsiku lina analowa m'khitchini, n'kunena kuti, "Che Mbewe, ukaipa dziwa nyimbo. Phiko lilibe mnofu, ndiye tilipatse kukoma." Anasinja adyo ndi jinja m'kamtondo, anafinyiramo mandimu, kuthiramo mchere, tsabola wa kambuzi pang'ono ndi chambiko, ndipo mapiko aja anawaviika mmenemo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litakwera. Kenako anawagubuduza mu ufa wa chinangwa n'kuwakazinga m'chiwaya. Anakoma ndithu, koma ankati akazizira pang'ono, khoko lake linkafewa ngati chikwama chonyowa.

Zokazinga kawiri anandiphunzitsa ndi mabasi. Basi sinena nthawi yofika. Ndinkati ndikamva kulira kwake kuchokera kutali, ndinkaponya mapiko m'mafuta, ndiye basi ija n'kudutsa osaima, ine n'kutsala ndi mapiko ozizira ndi nkhope ya Che Amidu. Tsiku lina zitatero, posakhalitsa panaima basi ina, ndipo chifukwa chosowa pogwira ndinawabwezera mapiko omwewo m'mafuta otentha kwambiri. Anatuluka ofiirira bwino, khoko louma lokukutika, mkati mofewa ndi motentha. Dalaivala wina analuma limodzi, anthu a patebulo lina anacheuka. Iye anandiitana. "Achimwene, mwaikamo chiyani umu?" Ndinati palibe, ndi basi yoyamba ija imene sinaime. Kuyambira pamenepo madalaivala ndi achinyamata ankaima dala kufuna mapiko. Koma akuluakulu a kumudzi ayi, iwo anapitiriza kuwayang'ana ngati tawatukwana.

Zaka zovuta nazo tinaziona. Nthawi ina mafuta ophikira anasowa, ndipo anzathu a ziwaya za tchipisi ankakazingira mafuta akuda bii a sabata yatha. Che Amidu anati bola titseke kusiyana n'kutero, ndipo tinagulitsa zowiritsa zokhazokha mpaka zinthu zitasintha. Nthawi ina kunasowa mafuta a galimoto, msewu waukulu unangoti zii, ife n'kumaingitsa ntchentche tsiku lonse. Che Amidu atamwalira, mwana wawo Twaibu anasandutsa lesitilanti ija golosale, n'kuikamo fuliza yogulitsiramo nkhuku zachizungu za m'mapaketi. Mawondo anga nawo anali atayamba kale kudandaula. Ndinapinda epuloni yanga n'kubwera kumudzi.

Kumudzi, nditapuma

Mukudziwa kuti nyumba yathuyi ili pamudzi wa amayi anu. Ine pano ndine mkamwini, ndipo imvi sizichotsa ukamwini. Sabata yoyamba nditapuma ndinalowa m'khitchini kufuna kuthandiza kukazinga anyezi. Amayi anu anaima pakhomo, manja m'chiuno. "Kuntchito munali bwana wa miphika, pano ndinu mlendo. Mukufuna mudzi wonse uziti Nangozo anadyetsa mwamuna wake khuzumule? Tulukani." Ndinatuluka. Ine amene ndinadyetsa mabasi athunthu, m'nyumba mwanga ndinkaloledwa kuwiritsa madzi osamba okha, nawonso pakhomo pakakhala popanda anthu. Ndinalima mbatata yanga ya kachewere, n'kumaweta nkhuku zachikuda, ndipo khola langa linali lonyaditsa.

Chilimwe cha chitopa

Tadala anapeza mnyamata wa ku Champiti, dzina lake Limbani, ndipo uthenga unabwera wakuti amalume ake a mnyamatayo, a Dzonzi, afika Loweruka kudzaonana ndi a Ngozo, eni mbumba, kuti akambirane za ukwati. Dzina la a Dzonzi linafika iwo asanafike. Zinkamveka kuti nthawi ina anapita kukafunsira mbeta ya mphwawo wina, ndipo atavundukula mbale anapeza nkhuku yopanda nthutumba. Sanakalipe. Anangosamba m'manja kachiwiri, n'kutenga ndodo yawo, ndipo ukwati umenewo unathera pomwepo. Limbani ndi mwana wamasiye, analeredwa ndi amalume akewo, ndipo sakanawatsutsa ngakhale zitavuta bwanji. Tadala ankadziwa zimenezi. Anabwera kudzagwada pafupi ndi mpando wanga n'kunena motsitsa, "Ababa, chonde, pasadzalakwike kanthu." Ndinamuseka, n'kumulozera msoti wonenepa umene tinali titausankha kale.

Chakudza sichiimba ng'oma. Sabata yomweyo, ndi mphepo yotentha ija, chitopa chinalowa m'mudzi. Nkhuku zinayamba kuodzera masana, mapiko ali lende, zina makosi atapindika. M'mawa uliwonse ndinkatenga khasu kukakwirira kuseri kwa nkhokwe. Pofika Lachisanu khola langa lonse linali litatha, kutsala msoti uja wokha, nawonso utangoima pamthunzi maso ali tsinzi, ukutuluka zobiriwira. A Ngozo anakwera njinga kuzungulira midzi yoyandikana nafe, ndipo anabwera masana ali fumbi lokhalokha, chimanjamanja. Kulikonse kunali chimodzimodzi. Mbuzi tinalibe, ndipo nyama ya pa sikelo si ulemu wa mlendo wotere.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ine, amayi anu ndi a Ngozo, msoti uja uli potero ukugwedera.

"Alamu, mpeni ukuchedwa," anatero a Ngozo. "Tiuphe usanafe wokha. Mudzi wonse ukudya zimenezi, wamwalira ndani?"

"Ndithiramo tomato wambiri ndi anyezi," anatero amayi anu. "Nthutumba ikhala pamwamba. Sadziwa."

"Ine ndidziwa," ndinayankha.

A Ngozo anamenya bondo lawo. "Mbumba iyi ndi yanga, alamu. Mawa wokhala maso ndi maso ndi a Dzonzi ndine, osati inu. Malamulo a kuhotela asiyeni kuhotela komweko. Mukufuna mwanayu akalambire pakhomo pano chifukwa cha nkhuku yoodzera?"

Zimene ankanena zinali ndi mutu, ndipo ndikuvomereza kuti anthu ambiri amadya nkhuku zotere osaona vuto. Koma ine ndinayesa kudziona ndikuyang'ana munthu akusamba m'manja, akupemphera, akutambasula dzanja kutenga chinthu chimene ndachiona ndi maso anga chikutuluka zobiriwira, ndipo mtima unakana. Ndinati, "Zoona, mawa olankhula ndinu. Koma chodwala sichilowa m'mbale ya mlendo pakhomo pamene ine ndimagona." Ndinadziwa kuti ndikangotembenuka, mpeni udutsa. Choncho ndinadzuka, kuugwira msoti uja, kuupha ndekha, n'kukaukwirira kuseri kwa nkhokwe iwo akuona. A Ngozo anachoka osatsanzika. Amayi anu anandifulatira. Tadala anali ataima pakona ya nyumba, ndipo nditamuyang'ana anaphimba nkhope ndi chitenje n'kulowa m'nyumba. Ana anga, ndinachita mantha kwambiri. Ndinali nditakwirira ulemu wokhawo umene tinali nawo, ndipo m'manja ndinalibe china chilichonse.

Ndinakwera kabaza kupita ku Manjawira, ndikuganiza kuti ngakhale nkhuku yachizungu yathunthu ingatichotseko manyazi pang'ono. Twaibu anatsegula fuliza n'kundionetsa. Munali mbee. Chifukwa cha chitopa anthu anali atagula zonse, ndipo galimoto yobweretsa katundu inali isanabwere. Pansi penipeni panatsala mapaketi a mapiko okhaokha. Ndinawayang'ana nthawi yaitali. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndinawatenga onse. Abiti Saidi, atakalamba tsopano, anali pa mkeka pakhonde, ndipo nditawafotokozera anaseka mpaka misozi. "Alendo a ukwati, mukawapatse mapiko? Che Mbewe, mwapenga!" Atatha kuseka anatuma munthu kukatenga chiwaya chathu chakale chija kuseri, n'kundipatsanso jinja ndi adyo za m'nyumba mwawo. Ufa wa chinangwa, mandimu, chambiko ndi mafuta atsopano ndinagula pamsika.

Loweruka

M'mawa ndinaima pakhomo la khitchini, chiwaya chili m'manja. Amayi anu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Lowani. Mukawononga, muwononge nokha." Koma posakhalitsa ndinamva kamtondo kakulira, anali iwowo akusinja adyo ndi jinja, nkhope atayang'ana kukhoma.

Mapiko anali atasungunuka. Ndinawatsuka, n'kuwapukuta limodzilimodzi ndi kansalu koyera, chifukwa madzi ndi mdani wa khoko. Ndinasakaniza zosinja zija ndi madzi a mandimu, mchere, chambiko ndi kambuzi pang'ono chabe, poti sindinkadziwa mimba za alendo. Ndinawapaka ndi manja mpaka m'makwinya monse, n'kuvundikira beseni, kuliika pamalo ozizira pafupi ndi mtsuko. Chambiko ndi mandimu zimafewetsa nyama ndipo zimachotsa kafungo ka m'fuliza, koma zimafuna nthawi, sizifuna munthu wothamanga mtima. Ine mtima unkathamanga, koma ndinadikira. Azimayi oyandikana nafe anayamba kudutsadutsa kuseri kwa mpanda, wina kudzapempha moto, wina kudzabwereka sefa, onse maso ali pa mwamuna wa Nangozo atavala epuloni.

Dzuwa litakwera ndinakoleza mbaula, kuthira mafuta m'chiwaya, n'kuponyamo kaufa pang'ono kuti ndione ngati atentha. Kaufako katangoyandama n'kuyamba kuthetheka, ndinayamba. Phiko lililonse ndinkalikutumula kuti chambiko chochuluka chigwe, kuligubuduza mu ufa wa chinangwa, kulikutumulanso, kenako m'mafuta. Ndinkaika ochepaochepa, chifukwa ukadzaza chiwaya mafuta amazizira ndipo mapiko amangomwa mafutawo. Moto woyamba ndi wapakatikati, ntchito yake ndi kupsetsa mkati. Atayamba kusintha mtundu ndinkawavuula, n'kuwayanika pa waya kuti mafuta adonthe. Kenako ndinaleka, pakuti alendo ali ngati basi, sadziwika nthawi yofika. Amayi anu anaphika mpunga ndi msuzi wa tomato, akung'ung'udza kuti chiyambire sanaonepo nkhuku ya mlendo yopanda msuzi wakewake.

Alendo anafika masana. Ndinasuzumira pa kabowo ka mpanda. A Dzonzi anali mkulu wamtali wowonda, atavala jekete ndi kutentha konseko, ndodo m'manja, ndipo kumbuyo kwawo kunali mng'ono wawo. A Ngozo anawalandira n'kulowa nawo m'nyumba, ine n'kubwerera ku mbaula, poti bambo wa mwana sakhala nawo pa zokambirana zimenezi. Nditamva kuti malonje atha ndipo nkhani yafika pakati, ndinaonjezera makala n'kupemerera mpaka mafuta anatentha kwambiri. Moto wachiwiri ndi waufupi. Mapiko analowa akulira, n'kutuluka ofiirira, ouma bwino, ogogodeka ndi supuni. Fungo linadzaza bwalo lonse. Ndinawaunjika m'mbale yaikulu ya alendo, koma sindinafune kuvundikira chifukwa nthunzi imafewetsa khoko. Amayi anu anandilanda chivundikiro. "Izi zokha ndiye ayi. Mbale ya mlendo siyenda pabwalo ili yosavundikira." Anainyamula, n'kukaipereka atagwada.

Tinadikira m'khitchini, ine, amayi anu ndi Tadala. Tinamva madzi osamba m'manja akuthiridwa. Tinamva pemphero. Tinamva chivundikiro chikuchotsedwa. Kenako sitinamvenso kanthu. Tadala anagwira mkono wa amayi ake. Patapita kanthawi a Ngozo anatulukira pakhomo la khitchini, thukuta lili kamukamu. "Akufuna wophika."

Amayi anu anayamba kudzuka, koma ndinawaletsa. Ndinavula epuloni, kupukuta manja, n'kukanjuta pakhomo la pabalaza ndikuomba m'manja. Mbale inali yovundukula, koma palibe amene anaikhudza. A Dzonzi anandiyang'ana, kenako anayang'ana kumbuyo kwanga ngati akudikira munthu wina.

"Ndaitanitsa wophika."

"Ndine, bambo."

"Inu ndinu ndani pakhomo pano?"

"Ndine Mbewe, bambo wake wa mwana amene mwadzera."

Analoza mbale ndi chibwano. "Ndafufuza ndi maso, a Mbewe. Nthutumba ili kuti?"

"Ili m'dothi kuseri kwa nkhokwe, pamodzi ndi mwini wake," ndinatero.  "Tinakusungirani msoti wonenepa. Chitopa chatha khola lonse sabata ino, ndipo dzulo msotiwo unayamba kuodzera. Ukanatha kuphikidwa, nthutumba n'kukhala pamwamba, inu osadziwa kanthu. Ndinaukwirira ndine, wina aliyense pakhomo pano alibe mlandu. Ndagwira ntchito yophika moyo wanga wonse, ndipo ndinaona kuti bola mundinyoze chifukwa cha phiko kusiyana n'kuti mundiyamike chifukwa cha nthenda. Mapikowa ndi a nkhuku zachizungu za m'sitolo. Ndi chinthu chokhacho chabwino chimene ndinapeza, ndipo ndachiphika mmene ndimadziwira."

A Ngozo anali atayang'ana kudenga ngati akuwerenga mitengo ya phaso. Ine maso anga anali pa beseni la madzi osamba m'manja, limene linali pafupi ndi phazi la a Dzonzi. Ndinkadikira kuti aweramire komweko. Dzanja lawo linanyamuka pang'onopang'ono, koma linapita ku mbale. Anatenga phiko limodzi, kulitembenuza uku ndi uku, kulinunkhiza, kenako analuma. Kukukutika kwake kunamveka chipinda chonse. Anatafuna osathamanga, nkhope yosaonetsa kanthu, mpaka fupa linatsala loyera. Analiika pambali n'kutenga lina. Litatha lachiwirilo anatembenukira mng'ono wawo.

"Kodi nkhuku imakhala ndi mapiko angati?"

"Awiri, achimwene."

"Ndiye taonani mbale iyi. Kwina konse kumene tayenda amatiphera nkhuku imodzi. Pano atiphera khola lathunthu. Idyani, mukudikira chiyani?"

A Ngozo anatulutsa mpweya wonse umene anausunga kuyambira dzulo lake, ndipo unatuluka ngati chiseko, chiseko n'kusanduka chifuwa, mpaka mlendo ndi amene anawapatsa madzi. Ine ndinabwerera chambuyo, ndipo nditafika kukhitchini ndinakhala pansi pafupi ndi mbaula. Mbale inabwera muli mafupa okhaokha. Zokambirana zinatha bwino, Tadala anaitanidwa kukavomera pamaso pa onse, ndipo anagwirizana kuti chinkhoswe chidzachitike tikakolola.

Poperekeza alendo, a Ngozo ndi mng'ono uja anatsogola, koma a Dzonzi anatsalira dala. Titafika pamphambano anaima, n'kundigwira pamkono. Nkhope yawo inali itakwinyika, ndipo ndinati mwina ulemu unali wa m'nyumba chabe, zenizeni akuzinena tsopano.

"A Mbewe," anatero motsitsa mawu, "chitopa sichinayambire kwanu. Kwathu chinadutsa mwezi watha. Khola langa lili pululu, mulibe ngakhale nthenga. Inu mukudziwa kuti pachinkhoswe akuchimuna timabwera ndi tambala, akuchikazi ndi msoti. Njira yonse kuchokera ku Champiti mutu wanga unali pa tambala ameneyo. Ine amene ndakhala ndikudzudzula anzanga pa nkhani ya nkhuku, ndikamutenga kuti? Ndimati anthu awa atiphera nkhuku yonona lero, ine n'kudzabwera kwawo chimanjamanja. Mutatchula chitopa paja, mtima wanga unakhala pansi. Musauze a Ngozo."

Ndinawalonjeza kuti sindiwauza, ndipo mpaka lero sindinawauze, choncho inunso mutseke pakamwa. Tinagwirana chanza nthawi yaitali, akuluakulu awiri opanda nkhuku, kenako anatsatira anzawo.

Pobwerera ndinapeza Tadala ataima pa njira kunja kwa mpanda. Anali ataona kuti a Dzonzi anditengera pambali, ndipo nkhope yake inali itatuwa.

"Ababa, amati chiyani? Asintha maganizo?"

"Ayi, mwanawe," ndinatero. "Akuti tiyambe kusaka anapiye. Iwo alera tambala, ife tilera msoti."

Anakhala pansi pafumbi pomwepo ndi chitenje chake chatsopano, n'kuyamba kulira. Ndinamusiya alire mpaka atakhuta.